Kugula timabokosi takale ta tiyi ndi timasipuni take tasiliva pa okushoni: poyambira ndi apa

Anzanga amene muli ku UK kuno, ngakhalenso inu a ku Joni, ngati mumakonda zinthu zakale ndipo mukufuna poyambira posadula kwambiri, ine ndimati yambani ndi ma tea caddy, timabokosi tija ankasungiramo masamba a tiyi, pamodzi ndi ma caddy spoon, timasipuni tafupitifupi tasiliva totapira masambawo. Sitidya malo m'nyumba, kutumiza pa positi sikuvuta, komanso siliva wa ku Britain ali ndi zidindo zoti munthu wamba ukaphunzira kuwerenga umadziwa wekha tauni imene anapangira, chaka chake ndi amene anapanga. Koma ndinene pachiyambi pomwe, ntchito yonse imachitika tsiku la okushoni lisanafike. Patsikulo mumangokweza dzanja kapena kudina batani basi.

Yambani ndi kudziwa chifukwa chake zinthuzi zinapangidwa chonchi, chifukwa mbiriyo ndi imene idzakuuzeni ngati kabokosi kakunama zaka. Ife tinazolowera tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje woti aliyense amagula pa golosale, koma ku England tiyi atafika m'zaka za m'ma 1650 anali wa anthu olemera okhaokha, ankachokera ku China pa sitima, ndipo anatchuka kunyumba yachifumu Catherine wa ku Braganza atakwatiwa ndi Charles II mu 1662. Msonkho unakwera mpaka 119 peresenti, anthu kumalowetsa tiyi mozemba, ena kumasakaniza ndi masamba a mitengo ina. Nde tiyi ankamukiya, nchifukwa chake pafupifupi kabokosi kalikonse kamatabwa kali ndi loko. Mu 1784 boma la William Pitt linatsitsa msonkhowo kufika pa 12.5 peresenti, tiyi anayamba kulowa m'nyumba zambiri, ndipo apa mpamene timabokosi ndi timasipuni tinachuluka zedi. Zambiri zabwino zimene mudzaone pa okushoni ndi za pakati pa 1780 ndi 1850. Lamulo losavuta kukumbukira, kabokosi kakakhala kakang'ono kawirikawiri ndi kakale, chifukwa tiyi akamatsika mtengo mabokosi ankakula. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 tiyi wa ku India ndi Ceylon anali atadzadza msika, anthu anangoyamba kusungira m'zitini.

Chachiwiri, sankhani mbali imodzi. Nkhaniyi ndi yotakata, pali timabotolo tadothi ta ku China, mabokosi asiliva, a mahogany, a satinwood, a rosewood, a mapepala oumba opaka utoto wakuda ngati aja ankapanga Jennens & Bettridge ku Birmingham, a Tunbridge ware okongoletsedwa ndi tizidutswa ta matabwa, ena osemedwa ngati apulo kapena vwende. Mukafuna zonse nthawi imodzi mudzangodzadza shelefu ndi zinthu zosagwirizana ndipo diso lanu silidzakhwima pa chilichonse. Kwa woyamba ine ndimakonda timasipuni ta ku Birmingham ta zaka za 1790 mpaka 1830, kapena mabokosi wamba a mahogany a zipinda ziwiri, chifukwa amapezeka pafupipafupi, nde mumakhala ndi zambiri zoyerekezera. Za apulo ndi vwende zija muzisiye kaye ndithu, zimafika masauzande a mapaundi ndipo zabodza zake zilipo zambiri.

Tsopano zidindo, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa mpamene pagona nkhani. Gulani kagalasi kokuza zinthu ka 10x kaja amagwiritsa ntchito okonza mawotchi, katochi kakang'ono, ndi kabuku ka m'thumba ka zidindo za siliva, zonsezi sizidula. Pa kasipuni mumayang'ana zinthu zisanu. Mkango woyenda chammbali utakweza mwendo umodzi, umenewo ukutanthauza siliva wa sterling, magawo 925 pa 1000. Chidindo cha tauni, nangula ndi Birmingham, korona anali wa Sheffield, maofesi awiri onsewa anatsegulidwa mu 1773, mutu wa nyalugwe ndi London, ndipo nyalugweyo amavala korona mpaka 1821, kenako alibe. Edinburgh ndi nyumba ya malinga, Dublin ndi zeze wovala korona. Kenako chilembo cha chaka, ndipo samalani, tauni iliyonse inali ndi kawerengedwe kake, nde "k" wa ku London si chaka chimodzi ndi "k" wa ku Birmingham, muziyamba mwapeza tauni musanatsegule tsamba la zilembo, komanso muziona kalembedwe ka chilembocho ndi kachishango kamene chakhalamo. Chachinayi mutu wa mfumu kapena mfumukazi, wosonyeza kuti msonkho unalipidwa, umenewu unayamba mu Disembala 1784 nkutha mu 1890. Ndiwothandiza kwabasi, mukaona mutuwo kawirikawiri mwadziwa kale kuti muli pakati pa zaka zimenezo musanayang'anenso china. Chomaliza zilembo za wopanga.

Mayina oti muwazolowere si ambiri. Ku Birmingham kuli Joseph Taylor amene chidindo chake ndi IT, chifukwa nthawi imeneyo J ankamulemba ngati I, Samuel Pemberton SP, Joseph Willmore, Cocks & Bettridge, Matthew Linwood, ndipo nthawi ya Mfumukazi Victoria kuli George Unite ndi Hilliard & Thomason. Ku London dzina limene aliyense amalithamangira ndi Hester Bateman, mayi amene anayendetsa bizinesi ya banja mpaka anapuma mu 1790, HB wake ndi wa zilembo zopotana. Kunena zoona dzina lakelo limakweza mtengo kuposa mmene ntchitoyo ikusiyanirana ndi ya anzake, nde ngati thumba ndi lopepuka musadandaule, kasipuni ka Taylor kosawonongeka kadzakusangalatsani chimodzimodzi. Chinanso choti chisakudzidzimutseni, timasipuni tambiri ta ku London ta kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 mpaka cha m'ma 1820 tilibe mutu wa nyalugwe, ankangodinda mkango, chaka, mutu wa mfumu ndi wopanga, si kuti ndi tabodza ayi. Koma mukaona EPNS, kapena katalogi yalemba "plated", dziwani kuti ndi chitsulo china chongokutidwa siliva ndi magetsi, njira imene a Elkington anaitengera patenti mu 1840. "White metal" ndiye kuti a okushoni sakulonjeza kuti ndi siliva. Old Sheffield Plate ndi kopa womatidwa siliva pamoto, m'makona mukatha mumaonekera kufiira, ndi yakaledi ndipo ili ndi okonda ake, koma mtengo wake usafanane ndi wa siliva weniweni.

Mukatha apa pitani kukagwira zinthu ndi manja. Okushoni iliyonse imakhala ndi masiku oonetsa katundu, kulowa ndi ulere, ndipo palibe amene angakukakamizeni kugula. Mumangouza amene ali pa kabati nambala ya loti, ndiye kuti nambala ya katunduyo m'katalogi, akutulutsirani. Pitani kangapo opanda cholinga chogula, muzingogwira, kutembenuza, kuwerenga zidindo musanaone zimene katalogi yalemba kenako nkuyerekeza. Woolley & Wallis ku Salisbury amadziwika kwambiri pa siliva, ndi kumene kunagulitsidwa timasipuni totchuka timene anasonkhanitsa John Norie mu 2004, Fellows ali ku Birmingham, Tennants ku Leyburn, Lawrences ku Crewkerne, Lyon & Turnbull ku Edinburgh, ndipo Bonhams, Christie's ndi Sotheby's ndi a zinthu zapamwamba. Ku South Africa kuli Strauss & Co ndi Stephan Welz & Co. Koma musanyoze ka okushoni ka m'tauni mwanu kogulitsa katundu wa m'nyumba za anthu omwalira, nthawi zina kasipuni kabwino kamabisala m'loti ya masipuni osakaniza.

Kasipuni mukagwira, kamakhala ka masentimita 7 mpaka 10, kopepuka, nde kagwireni bwino. Malo oyamba kuyang'ana ndi pamene chogwirira chakumana ndi kambale kake, mpamene timathyokera. Kakwezeni ku kuwala muone ngati pali mng'alu, kenako uzirani mpweya pamalopo ngati mukufuna kupukuta magalasi, nthunziyo ikamachoka pamene anawotcherera pamaoneka mtundu wina, kotuwa kapena kachikasu. Ta ku Birmingham tambiri ankatidinda pa makina kuchokera ku siliva wopyapyala, nde m'mizere ya kambale kooneka ngati chigoba cha nkhono mumang'aluka, walitsani tochi kumbuyo muone ngati kuwala kukudutsa. Yendetsani chala m'mphepete, mukakhala mwakuthwa kapena mbali imodzi yadyeka ndiye kuti kanatha kapena wina anapala. Maluwa ozokota aja akuyenera kuthwanima akamatembenuzidwa, akafufutika ngati ndalama yakale ndiye kuti anthu anakapukuta mopitiriza ndipo sizibwerera.

Zachinyengo zimene zimabwerabwera ndi zitatu. Ena amatenga sipuni wamba ya tiyi yakale, kuidula chogwirira, kusula kambale kuti katambasuke, nde zidindo ndi zenizeni koma chinthucho si chenicheni. Mudzaona chogwirira chikuoneka chonenepa mosagwirizana ndi kambale, kapena zidindo zakhala malo achilendo, zina zokokeka. Ena amaumba kasipuni katsopano pa chikombole chotengera kenikeni, zidindo zake zimatuluka zofewa ngati zasungunuka, ndipo pa galasi mumaona timaenje ting'onoting'ono pakhungu pake. Chachitatu ndi tija tooneka ngati kapu ya okwera mahatchi ampikisano, timafunidwa kwambiri, nde anthu akhala akutipanga kuchokera ku zikuto za mawotchi akale am'thumba zomwe zili kale ndi zidindo. Mitundu yosowa ngati imeneyi, phiko la chiwombankhanga, kapena dzanja lija ankapanga Josiah Snatt ku London, musagule musanagwireko chenicheni kapena kufunsa munthu amene wakhalitsa pa zimenezi. Kuli gulu lake la Society of Caddy Spoon Collectors, kulowa nawo nkothandiza.

Bokosi lamatabwa lili ndi kayang'anidwe kake. Tsegulani, nunkhizani kaye, lakale limamveka fungo la matabwa ouma ndi fumbi, osati guluu kapena vanishi. Mkati mwa zipinda ankamatamo kachitsulo kopyapyala ka tini wosakaniza ndi mtovu kuti tiyi asagwire chinyezi, patatha zaka 200 kamakhala kotuwa, konyenyeka, mwina kangotsala m'makona. Kutha kumeneko ndi umboni wabwino, musakuope. Chimene muziopa ndi mkati monyezimira ngati pepala la chokoleti. Zipinda ziwiri zinali za tiyi wobiriwira ndi wakuda, ndipo ambiri a nthawi ya Regency, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, aja otambalala kumwamba nkuchepa pansi okhala ndi timiyendo tabulasi, ali ndi malo a mbale yagalasi pakati, ena amati inali ya shuga ena amati yosakanizira tiyi. Mbale zoyambirira zambiri zinasweka kalekale, nde onani ngati ilipoyo ikukhala bwino m'bowo mwake kapena ikugwedera. Onani tizivindikiro tamkati ngati matabwa ake ndi timitu take zikufanana. Onani mahinjesi, pakakhala mabowo a sikuluwu opanda ntchito ndiye kuti anasinthidwa. Kiyi akasowa si nkhani yaikulu, ambiri anasowa, koma loko akhale wake.

Kunja kwake, matabwa okongola aja ndi opyapyala ongomata pamwamba pa paini kapena oak, nde gogodani pang'ono ndi chikhadabo, pamene pamatuka pamalira mosiyana. Yang'anani m'makona ndi m'timizere ta m'mphepete ngati pali tizigamba ta mtundu wina. Mbali imene inkayang'ana kuwindo imakhala yofuwuka kuposa kumbuyo, chimenecho ndi chizindikiro cha zaka, pamene bokosi lofanana mtundu mbali zonse nkumanyezimira ngati galasi ndiye kuti analipala nkulipakanso, ndipo kwa ine limenelo lataya chinthu chachikulu. Tembenuzani muone pansi, timabowo ta kufumbwa tokhala ndi ufa woyera ndiye kuti tizilombo tikadalimo. Ndipo chenjerani ndi bokosi wamba limene wina anadzawonjezera zokongoletsa pambuyo pake kuti likwere mtengo, kachigoba kapena kaduwa ka pachivindikiro kakamaoneka katsopano kuposa matabwa ozungulira, funsani.

Pali nkhani ya malamulo yoti musaiphonye, makamaka inu amene mukuganiza zodzapita nazo kumudzi. Mabokosi ambiri akale ali ndi minyanga ya njovu, mwina kabowo ka kiyi kokha kapena timitu ta zivindikiro. Lamulo la UK la Ivory Act 2018 linayamba kugwira ntchito pa 6 Juni 2022, ndipo chinthu chokhala ndi minyanga nthawi zambiri chimaloledwa kugulitsidwa pokhapokha ngati chinapangidwa chisanafike chaka cha 1947, minyangayo ndi yosakwana 10 peresenti, ndipo chinalembetsedwa ku boma. Katalogi imayenera kuonetsa nambala yolembetsera, ikapanda funsani. Mabokosi a chigoba cha kamba wa m'nyanja ndi a rosewood wa ku Brazil ali pansi pa CITES, pangano la mayiko loteteza nyama ndi zomera zosowa, kuwatulutsa m'dziko kumafuna chilolezo. Ku Malawi lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017 mpaka zilango zofika zaka 30, nde si zoti munthu ungoponya m'sutikesi nkumati ndikafotokoza pa eyapoti. Ine malangizo anga, woyamba azipewe zonsezi, mabokosi a matabwa okhaokha alipo ambiri okongola.

Ngati simungathe kupita nokha, makatalogi ambiri ali pa intaneti, pa the-saleroom, easyLive Auction kapena Invaluable. Werengani mawu aliwonse, chifukwa a okushoni amasankha mawu mosamala. "George III" ndiye kuti akuti ndi cha nthawi imeneyo, 1760 mpaka 1820, koma "George III style" ndiye kuti changofanana, mwina ndi cha dzana. "Later" kutanthauza china chake chinawonjezeredwa, "marks rubbed" zidindo zafufutika, "A/F" chili ndi vuto ndipo mukugula mmene chililimo. Tumizani imelo masiku angapo okushoni isanachitike mupemphe condition report, lipoti lofotokoza mmene chinthucho chilili, ndi zithunzi zapafupi, ndipo mafunso anu akhale olunjika, osati kungoti chili bwino? Funsani kuti pali powotcherera, pali mng'alu polumikizira, kulemera kwake ndi magalamu angati, zamkati ndi zoyambirira. Yankho lolembedwa mulisunge. Muonenso mitengo imene zofanana nazo zinagulidwa miyezi yapitayi, imapezeka pa intaneti pomwepo, ndipo imeneyo ndi yodalirika kuposa estimate, mtengo woyerekeza umene a okushoni amalemba m'katalogi, chifukwa estimate nthawi zina amaiika pansi dala kuti anthu akopeke.

Kenako khalani pansi ndi kakyuleta, izi muchite kunyumba mutu uli wozizira. Mtengo wa pa nyundo, umene wogulitsa amatsekera loti pomenya nyundo, si umene mulipire. Pamwamba pake pali buyer's premium, ndalama imene a okushoni amalipiritsa wogula, malo ambiri ili pakati pa 25 ndi 30 peresenti, kuwonjezera apo VAT ya 20 peresenti pa premium imeneyo, ndipo mukabida kudzera pa masamba a intaneti aja amawonjezanso pafupifupi 5 peresenti. Tiyerekeze nyundo yagwa pa £200 ndipo premium ndi 25 peresenti, ndiye £50, VAT yake £10, za intaneti £10 ndi VAT yake £2, zonse £272, musanawerengere kulongedza ndi kutumiza komwe a okushoni ambiri sachita okha, amakupatsani kampani ina. Nde yambani ndi ndalama yonse imene mungatulutse, mubwerere mmbuyo mpaka mupeze mtengo wa pa nyundo, muulembe pa pepala pambali pa nambala ya loti. Timasipuni wamba ta nthawi ya George III kapena IV ndi mabokosi wamba a mahogany nthawi zambiri amayambira pansi pa £100, nde simukufunika chuma kuti muyambe.

Kulembetsa muchitiretu dzulo lake, amafuna chiphaso, adiresi ndi khadi la ku banki. Njira zobidira zilipo zinayi, m'chipinda momwemo ndi nambala yanu m'manja, pa intaneti laivu, pa foni ngati loti ndi yodula, kapena kusiya mtengo wanu womaliza kwa a okushoni kuti akubidireni inu kulibe. Yomalizayi ndimaikonda kwa oyamba chifukwa mtima sulowererapo, mwalemba £120 ndi yomweyo. Mukakhala m'chipinda fikani msanga muone mmene wogulitsa akuthamangira, maloti amadutsa mwachangu kwambiri ndipo mukayang'ana foni pang'ono yanu yapita. Musayambe ndinu, dikirani kaye ayambe ena, ndipo wogulitsa akasowa munthu nthawi zina amatsitsa poyambira. Kwezani nambala moonekera, osachita manyazi. Mtengo ukadutsa umene munalemba pukusani mutu basi, olo mnzanuyo akuoneka ngati watsala pang'ono kutopa. Timasipuni ta Pemberton ndi Taylor tinapangidwa tambiri, kena kabweranso mwezi wamawa. Kumbukiraninso kuti pali reserve, mtengo wobisika umene mwini katundu sangatsike, nde loti ikapanda kugulidwa mutha kuimba foni mawa lake nkupereka mtengo wanu, nthawi zina amavomera.

Nyundo ikagwera inu ndiye kuti mwagula, palibe zosintha maganizo. Lipirani m'masiku amene alemba, tengani katundu msanga chifukwa ena amalipiritsa malo osungira. Chikafika chiyang'aneninso tsiku lomwelo ndi galasi lanu, ngati chikusiyana kwambiri ndi zimene analemba auzeni nthawi yomweyo, malamulo awo amapereka masiku ochepa odandaulira ndipo kawirikawiri amangobweza ndalama ngati chapezeka kuti ndi chabodza.

Kunyumba musathamangire kuchikonza. Kasipuni kasambitseni ndi madzi ofunda ndi sopo pang'ono, pukutani ndi kansalu kofewa, polishi wa siliva mwa apo ndi apo ndipo pa zidindo muziphimba ndi chala, za sitiliwulu kapena mchenga ayi ndithu. Musamange ndi labala, imadetsa siliva. Bokosi likhale kutali ndi hita ndi dzuwa la pawindo chifukwa matabwa opyapyala aja amamatuka kukauma kwambiri, phula pang'ono pa kansalu kamodzi pa chaka ndi lokwana. Zamkati zonyenyeka zija musazipale, ndipo musasungiremo tiyi woti mumwe, muli mtovu. Pomaliza tengani kope, mulembe tsiku, dzina la okushoni, nambala ya loti, zidindo zimene mwawerenga ndi ndalama zonse zimene mwalipira, lisiti ndi condition report muziike pamodzi, ngati pali nambala yolembetsera minyanga nayonso ikhale pomwepo, tsiku lina mukadzafuna kugulitsa kapena kuika pa inshuwalansi adzakufunsani mapepala amenewa.